M'busa Wokhotera Kumanzere

Saulos Makwinja sanawanamize apongozi ake. Mfundo imeneyi tigwirizane kaye, chifukwa anthu a ku St Mary's, dera lathu la ku Chitungwiza kuno ku Zimbabwe, pakamwa sipachedwa kuwayabwa. Chomwe chinachitika n'chakuti m'chaka cha 1972, atapita ndi ankhoswe kukafunsira Eneless, bambo a mtsikanayo, a Morris Likaka, anafunsa funso lomwe kholo lililonse limafunsa: mnyamatayu amagwira ntchito yanji? Saulos, atazyolika, chipewa chili m'manja, anayankha zoona zokhazokha. Anati amathandiza Msikoti wina pa misonkhano yake ya Loweruka madzulo, ndipo anthu amadzaza bwalo mpaka ena kukwera m'mitengo.

A Morris anamva mawu awiri basi, Msikoti ndi misonkhano. Iwo anabadwira pafupi ndi mishoni kwawo ku Zomba. Anabatizidwa ndi Msikoti, anaphunzitsidwa kuwerenga ndi Msikoti, anakwapulidwa ndi Msikoti, ndipo sankadziwa kuti kunja kuno kuli Msikoti wina wosakhala m'busa. Kwa iwo dziko la Sikotilandi linali tchalitchi chimodzi chachikulu chogwa mvula. Anaimirira, n'kumugwira chanza mnyamatayo, nkhani ya ukwati n'kuthera pomwepo.

Msikotiyo dzina lake linali Archie Geddes, ndipo m'tchalitchi ankalowamo pa maliro pokha. Ntchito yake inali mpikisano wa njinga zamoto wotchedwa sipidiweyi: amuna anayi kuzungulira bwalo la dothi, njinga zitapendama, fumbi lili kobo, anthu akukuwa ngati aona njoka. Kwawo kukazizira ankabwera kudzathamanga ku Salisbury, Harare wa lero, ndipo Saulos ndiye ankamukonzera njinga. Eni ake masewerowo tsiku la mpikisano ankalitcha miting'i. Miting'i m'Chichewa ndi msonkhano. Ndiye bodza lili pati?

Saulos ankafuna kuikonza nkhaniyi ukwati ukangotha. Ukwati utatha anati adikire mwana abadwe. Tryphena atabadwa anati adikire abatizidwe. Kenaka nkhondo ya ufulu inakula, masewero a njinga anatha, Archie anabwerera kwawo, Saulos n'kupeza ntchito pa galaja ina ya m'mbali mwa Seke Road, ndipo nkhani ija inauma yokha ngati simenti. Mlendo aliyense wofika pakhomo ankauzidwa kuti, "Akamwini angawa anatumikira pansi pa Msikoti." Tsopano a Morris anali atakalamba, miyendo ikukana, ndipo anali atanena kale poyera kuti akatula pansi ukulu wa mpingo, dzina lomwe apereke kuti lilowe m'malo mwawo ndi la Saulos.

Mpandowo Saulos sunkamusowetsa tulo. Chomwe ankaopa kutaya chinali maso a nkhalambayo, momwe ankamuyang'anira. Iye anabwera kuno ali mnyamata wamasiye, pa lole ya fodya, wopanda womutcha mwana. A Morris ndiwo anali bambo okhawo omwe anawadziwa, ndipo ankawakonda kwambiri, mwina kuposa momwe mkamwini amayenera kukondera apongozi. Eneless yekha ndiye ankadziwa zonse, popeza ndiye ankachapa maovolosi onunkha mafuta paja. Chaka ndi chaka ankangoti, "Mlandu suola, bambo a Tryphena," n'kupitiriza ntchito yake.

Loweruka lina mu Ogasiti wa 1986, Saulos ali kunsi kwa galimoto ya Pijo ya munthu, anamva mawu omwe anali asanawamve kwa zaka zambiri, mawu ngati a munthu akutsuka m'kamwa ndi timiyala. Anatuluka chagada n'kuona nsapato ziwiri, ina ya chidendene chachitali kuposa inzake. Pamwamba pa nsapatozo panali Archie, atanenepa, dazi lili phee, kansalu koyera kali m'khosi monga ankamangira kale poopa fumbi. Anali atazungulira magalaja a mu Harare sabata yathunthu akufunsa za Mmalawi wotchedwa Saulos. Anakumbatirana, girisi yense n'kuthera pa malaya a mzungu, ndipo Saulos anasangalala mpaka nzeru zinamuthawa. Archie atati amuperekeze kunyumba pa galimoto yomwe anabwereka, anavomera. Za apongozi anazikumbukira galimoto itakhota kale kulowa mu St Mary's, ana akuithamangira akukuwa kuti murungu, murungu.

A Morris anali pa khonde, bulangeti lili pa maondo.

"Akamwini, alendowa ndani?"

Apa munthu wochenjera akanati ndi kasitomala wa ku galaja. Koma Saulos, monga tanena, sanama.

"Ndi Msikoti uja, bambo."

Nkhalamba inavula chipewa pang'onopang'ono. Inayang'ana kansalu koyera kam'khosi kaja, n'kukaona ngati kolala ya abusa. Inati Msikoti womaliza inamuona isanamere imvi, ndipo sinkadziwa kuti Mulungu aisungira tsiku lotere.

Chingerezi cha a Morris chinali cha ku mishoni, chochapa n'kusita, ndipo Archie ankachimva bwinobwino. Cha Archie chinali cha ku Glasgow, chomwe ngakhale Angerezi eni ake amachipemphera womasulira. Mu Chitungwiza monse Saulos yekha ndiye ankachimva, poti anatukwanidwa nacho zaka zitatu. Komanso kwawo kwa Archie munthu akamavomera amati "ai", ndipo khutu la Mmalawi limamva "ayi".

"Kodi mumamwa, bwana?" anafunsa a Morris m'Chingerezi, pofuna kudziwa ngati zomwe ankamva za abusa amakono zinali zoona.

Nkhope ya Archie inawala. Kukhosi kwake kunali gwa ndi fumbi la mumsewu.

"Ai."

"Mwamva, akamwini? Akuti ayi. Nanga fodya, bwana?"

"Ai, ai."

"Kawiri konse. Akalipo anthu a Mulungu. Eneless, tiyi."

Archie anaiyang'ana kapu ya tiyi ngati munthu amene walonjezedwa mbuzi n'kupatsidwa chingwe, komabe anamwa mwaulemu.

M'busa wa mpingo wawo ankabwera kamodzi pamwezi, popeza anali ndi mipingo ina yoyang'anira, ndipo mawa lake silinali tsiku lake. A Morris anaona dzanja la Mulungu pamenepa. Anamuuza mlendoyo kuti mawa kuli miting'i, ndipo anthu angakondwe atamva za ntchito yake kuchokera pakamwa pake. Kodi angalankhule?

"Ai," anatero Archie, mawu atatsika.

Saulos analowerera msanga. "Akana, bambo. Atopa ndi ulendo."

Koma Archie anali atagwira kale dzanja la nkhalamba ndi manja onse awiri, akuligwedeza, mutu ukuvomera.

"Pakamwa akukana, mtima wavomera," anatero a Morris. "Asikoti enieni ndi otero. Sakonda kudzionetsa."

Popita ku galimoto Archie anamukoka Saulos pambali. Anafunsa ngati n'zoona kuti anthu kuno akumukumbukirabe, chifukwa kwawo palibe yemwe wamufunsapo za njinga kwa zaka khumi. Saulos anatsegula pakamwa kuti aulule, n'kuona nkhope ya mnzakeyo ili ngati ya mwana pa Khirisimasi.

"Amakutchulani kawirikawiri," anatero. Izinso zinali zoona.

Dzuwa lisanalowe nkhani inali itafika m'madera oyandikana a Zengeza ndi Seke. Amayi a Mvano anali akukolopa kale m'tchalitchi. Eneless ankasita jekete la mwamuna wake osamuyang'ana.

"Ndiye mawa mutani?"

"Ndimasulira."

"Mumasulira chiyani?"

"Zomwe zikufunika kumveka."

"Kandimverere anakanena za m'maluwa, bambo a Tryphena. Pitani mukawauze bambo panopa. Akalipa lero, mawa kucha."

Saulos anapita mpaka pa chitseko cha chipinda cha apongozi ake. M'katimo nkhalamba inali kuyeserera nyimbo ya Chingerezi, mawu akuthawathawa, ikubwereza mzere umodzimodzi kuti mawa isachite manyazi pamaso pa mlendo. Anaima pamenepo, dzanja lili m'mwamba, kenaka n'kubwerera.

"Akuimba," anatero.

Eneless anangopinda jekete n'kuliika pa mpando.

Lamulungu tchalitchi chinadzaza mpaka m'mazenera. Anabwera ngakhale aja amangooneka pa Pasaka. Archie anafika ndi thumba la pepala kukhwapa, n'kuima pakhomo akuyang'ana mtanda.

"Saulos, ichi ndi tchalitchi."

"Holo ina tilibe. Kuno chilichonse timayamba ndi nyimbo, ngakhale nkhani za mpira."

Archie anati anthu a Saulos ndi abwino, n'kulowa. Tsoka ilo, nyimbo yoyamba inali ya chuni chomwe amayi ake ankaimba iye ali mwana, ndipo anaigwira ndi besi m'chinenero chake, maso ali chotseka. A Morris, pa mpando wawo wa kutsogolo, anatulutsa mpango n'kupukuta m'maso. Saulos anaima pambali pa gome kuti azimasulira.

Mlendo anayamba kulankhula. Ana asukulu omwe anakhala kutsogolo kuti amve Chingerezi chenicheni anatchera khutu, kenaka n'kuyang'anana.

"Hachisi Chirungu ichi," mmodzi ananong'ona m'Chishona, kutanthauza kuti chimenecho si Chingerezi.

Posakhalitsa nkhani inayenda mabenchi onse kuti m'busa akulankhula Chigiriki. Mtima wa Saulos unakhalako m'malo.

"Ndinabadwira ku Glasgow, banja lonse m'chipinda chimodzi," anatero Archie. "Ndili kamnyamata ndinamva injini zikulira kuseri kwa mpanda wa malata. Ndinakwera mpandawo osalipira pakhomo, ndipo kuyambira tsiku limenelo sindinafunenso china."

"Akuti anabadwira mu umphawi," anatero Saulos. "Ali kamnyamata anamva kuitana kuseri kwa mpanda. Analowa opanda khobidi, pakuti malo amenewo salowera ndalama, ndipo kuyambira tsikulo sanafunenso china."

"Amen," anatero amayi a Mvano.

Archie anasangalala kuona anthu okonda masewero chonchi, ndipo anapitiriza. Bambo ake anamutcha chitsiru, nati adzafa asanamere ndevu. Anayamba ndi timu ya kwawo, kenaka anatsikira ku Mangalande, mzinda ndi mzinda, kugona m'galimoto, kudya buledi wouma, lero kuomberedwa m'manja, mawa kugendedwa ndi mabotolo. Saulos anadabwa kuona kuti ntchito yake inali yochepa. Kunali kungochotsamo njinga, monga mayi amachotsera minga mu nsomba ya mwana, zotsalazo anthu ankameza okha.

"Tsopano chomwe muyenera kudziwa n'chakuti njinga zathu zilibe mabuleki," anatero Archie.

Kumbuyo kunaimirira Bernard, woyendetsa Pijo yonyamula anthu pakati pa St Mary's ndi tauni. Mawu ena onse anamudutsa, koma limeneli linali la ntchito yake.

"Pamusoroi, ndanzwa kuti mabhureki. Atchula mabuleki abusawa."

Saulos anatembenukira kwa iye.

"Mwamva bwino, a Bernard. Akuti Mkhristu alibe mabuleki. Akayamba ulendo wayamba."

Bernard anakhala pansi akugwedeza mutu mokhutira. Anthu okwera galimoto yake anayang'anana, chifukwa iwo ankadziwa kale kuti pa nkhani ya mabuleki Bernard ndi Mkhristu wolimba.

Archie anawerenga mafupa omwe anathyoka, akuloza malo ake: phewa kawiri, nthiti, zala, bondo. Anati womugunda koopsa kwambiri anali mnzake wa timu yomweyo. Saulos anati anazunzidwa m'mizinda yambiri, ndipo womuthyola nthiti anali wodya naye mbale imodzi. Amayi anagwira m'mutu. Kenaka Archie anatsegula thumba lija n'kutulutsa chinsapato chachitsulo, choperepeseka mbali imodzi, chomwe othamanga amavala ku phazi lomwe limakhwekhwereza pansi pokhota. Anachipereka kuti chiyende m'mabenchi, ndipo anthu ankachilandira ndi manja awiri.

"Anayenda mpaka nsapato zachikopa zinatha," anatero Saulos. "Anachita kusulitsa yachitsulo."

"Imodzi yokha?" anafunsa mayi wina.

"Mwendo winawo ankayendera chikhulupiriro."

Ngakhale Saulos yemweyo anadabwa komwe yankho limeneli linachokera. Anasuzumira kwa Eneless. Eneless anali kuyang'ana kudenga ngati akuwerenga mabowo a misomali.

Tsopano Archie anali atatenthedwa. Anavula jekete, anagwira zogwirira za njinga yosaoneka, anapinda maondo, n'kupendamira mbali imodzi mpaka anthu a kutsogolo anatambasula manja kuti amuwakhe.

"Kumanzere," anatero, akuloza ndi mkono wonse. "Nthawi zonse kumanzere. Zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, sindinakhoterepo kumanja ngakhale kamodzi."

Izi sizinafune womasulira. Mkono unali kuloza kumanzere, mwendo wamanzere, mutu kumanzere, kenaka analoza kumanja n'kupukusa mutu mwamphamvu. Mpingo unauma. Mwana aliyense wa Sande sukulu amadziwa kuti pa tsiku lomaliza nkhosa zidzaima kumanja, mbuzi kumanzere. Ndipo kwathu ngakhale mchere supereka ndi dzanja lamanzere. A Morris anawerama pa ndodo yawo.

"Akamwini, akuti chiyani za kumanzere?"

Saulos anayang'ana pansi, anayang'ana pazenera, ndipo mawu anabwera okha.

"Akuti moyo wawo wonse akhala akukhotera kumanzere, bambo, kumbali ya mbuzi. Akuti nkhosa zili kale m'khola, zikudya. M'busa wopita kumanja akukatani? Wofunika kumuthamangira ndi mbuzi."

Tchalitchi chinaphulika. Amayi analulutira. Bernard anaimirira n'kunena kuti iye ndi mbuzi, ndipo lero wamva kuti wina akumufuna. A Morris anamenya ndodo pansi katatu, nati chiphunzitso chotere sanachimvenso chichokereni ku Zomba. Archie anawerama mothokoza, nati sanaonepo anthu omvetsa sipidiweyi ngati awa.

Apa ndi pomwe Saulos anayamba kumva kukoma. Mantha anathawa, chifuwa chinatukuka, mawu anakula. Anayamba kumasulira mlendo asanamalize, kuwonjezera ndi manja omwe, ndipo anadziona atakhala kale pa mpando wa kutsogolo uja. Chakomachakoma pusi anagwa chagada.

Archie anatola nsapato yachitsulo ija itabwerera, n'kuigwira osaibweza m'thumba. Atayambanso kulankhula mawu ake anali ena.

"Mathero ake si okoma," anatero. "Ndinagwa komaliza pa kabwalo kena kakang'ono, mvula ikugwa, anthu ochepa. Mwendo uwu anaufupikitsa. Zikho ndinagulitsa. Mkazi anapita. Panopa ndimayendetsa galimoto ya buledi, ndipo ana omwe ndimawapatsa buledi sadziwa kuti ndinali ndani."

"Akuti pomaliza anavulala, anataya zonse, ndipo lero amagawa mkate," anatero Saulos, koma liwu linali litayamba kutsika.

"Ndili m'chipatala ndinakumbukira chinthu chimodzi. Njinga ya sipidiweyi siliza yokha. Ilibe kiyi, ilibe chopondera. Pamafunika munthu kumbuyo woti akukankhe, athamange nawe mpaka injini igwire. Ikagwira iwe wapita, iye watsala akudya fumbi lako. Ndipo pa masewero athu sutembenuka, ukatembenuka wagwa. Munthu uyu anandikankha zaka zitatu. Tsiku lochoka kuno sindinamutsanzike. Ndinali kumwa ndi azungu anzanga ku malo komwe iye sankaloledwa kulowa, ndipo m'mawa ndinakwera ndege. Ngakhale dzina la bambo ake sindinkalidziwa. Ndasunga ndalama za buledi kuti ndibwere ndidzatembenuke. Zikomo, Saulos. Uwauze anthu ako monga ndanenera, usachotsepo kanthu."

Misozi inali kutsika pa nkhope yofiira ija, ndipo sanaipukute.

Mpingo unadikira. Saulos anaona bwinobwino momwe akanaikonzera. Inali nyama yabwino kuposa zonse zomwe anapatsidwa m'mawa umenewo: munthu sayenda yekha, pali Wina kumbuyo amene amatikankha, ife osatembenuka. Amayi akanalira, a Morris akanamenyanso ndodo, ndipo mpando ukanakhala wake. Koma akanatero, mzungu uyu akanaoloka nyanja pachabe, zikomo wake n'kupita kumwamba komwe sanamutumize. Komanso, tinene zoona, chibadwire Saulos anali asanathokozedwepo ndi munthu pagulu. Zikomo ameneyu anali wake, ndipo zinamupweteka kumupereka kwa wina, ngakhale kwa Mulungu.

Anayang'ana Eneless. Ulendo uno Eneless anali kumuyang'ana iye.

"Akuti," anayamba Saulos, n'kutsokomola. "Akuti njinga yamoto siliza yokha."

"Njinga?" anatero Bernard.

"Njinga yamoto, ya mpikisano. Bambo awa si abusa. Sanakhalepo abusa. Ntchito yawo inali kuthamangitsa njinga pa bwalo ku tauni, Loweruka madzulo, anthu akumwa mowa ndi kubetcha. Misonkhano ija inali imeneyo. Ine ndinali wokonza njingayo ndi woikankha."

Ndipo anamasulira zonse monga anazimvera, za fumbi, za ndege, za galimoto ya buledi, mpaka zikomo wa kumapeto. Atamaliza anawonjezera kuti mabuleki aja anali mabuleki enieni, kumanzere kuja kunali kumanzere chabe, ndipo za mbuzi zija anapeka yekha.

Mayi wina yemwe anali atapsompsona nsapato yachitsulo ija anapukuta pakamwa ndi chitenje. Bernard anafunsa chapansipansi ngati ndiye kuti palibe yemwe akumufuna. Archie, osadziwa chomwe chachitika, anaganiza kuti mawu ake awagwira mtima anthu, ndipo anakhala pansi modzichepetsa. Maso onse anapita kwa a Morris. Saulos sanathe kuyang'anako. Manyazi anamugwira ngati malungo, ndipo chisoni chinaposa manyaziwo, chifukwa anadziwa kuti wailanda nkhalamba chinthu chomwe inanyadira zaka zonsezi.

A Morris anadzutsa chibwano pa ndodo.

"Akamwini."

"Bambo."

"Ndiye kuti amamwa."

"Amamwa, bambo."

"Ndi fodya yemwe."

"Kwambiri."

"Ndipo inu mwandisiya ndikuuza dziko lonse zopusa, ine mkulu wa mpingo, imvi zili mbuu."

"Ndinalakwa, bambo."

"Za mpando muiwale. Munthu wopeka mbuzi pa gome la Mulungu ayambe wakhala kumbuyo aphunzire."

"Ndamva, bambo."

Saulos anaganiza kuti zathera pomwepo, ndipo anayamba kusuntha kuti akakhale kumbuyoko. Koma ndodo inagogoda pansi.

"Sindinamalize. Mwati munkamukankha mzunguyu?"

"Eya."

"Iye n'kumapita, inu n'kutsala m'fumbi?"

"Eya, bambo."

"M'manja n'kumaombera iye?"

"Iye, bambo."

A Morris anatembenuka n'kumuyang'ana Archie kuyambira ku dazi mpaka ku nsapato yaitali chidendene ija. Kenaka anayang'ana mpingo womwe anaumanga ndi manja awo, kuyambira pomwe unkasonkhana pansi pa mtengo.

"Ntchito imeneyo ndikuidziwa," anatero. "Ine mumpingo muno abusa ndawakankha ambiri. Kuwapezera nyumba, kuwaphunzitsa mayina a anthu, kuwabisira zolakwa. Injini ikagwira amapita. Ena lero ndi akuluakulu ku sinodi. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anabwerako kudzati zikomo." Analoza Archie ndi ndodo. "Uyu, wamowa, wafodya, wokhotera kumanzere, wabwera. Eneless, masana ano adye kwathu. Ndipo wina apite akamugulire botolo limodzi, ine ndisaone."

Archie anafunsa Saulos kuti akuluwa akuti chiyani. Saulos anayesa kumasulira, koma mawu anakana kutuluka m'zinenero zonse ziwiri.

Inali nthawi ya pemphero lotsekera, ndipo lotsekera linali la a Morris. Anayesa kudzuka, ndodo inaterera, anagweranso pa mpando. Madikoni awiri anathamangira, koma nkhalamba inawabweza ndi dzanja.

"Inu ayi. Alipo wodziwa ntchito yake." Sinatembenuke pomuitana. "Saulos, mwana wanga, tabwera kumbuyo kuno undikankhe."